Sergei Parajanov, mkulu amene boma la Soviet linamulanda kamera zaka 15

Mukakhala pansi nkuonera mafilimu otchuka a Sergei Parajanov kuyambira poyamba mpaka pomaliza simumvamo olo liwu limodzi lotukwana chipani cha Komyunisiti, mulibe munthu wonyamula chikwangwani, mulibe wandale woipa, mulibe pena paliponse poti wapolisi angaloze chala nkunena kuti apa ndiye wanyoza boma. Muli nkhosa, makapeti, makandulo, anthu ovala zamakedzana atangoima nkumakuyang'anani. Koma munthu ameneyu anamutsekera katatu, ndipo kuchokera 1969 mpaka 1984 sanamulole kupanga filimu yaikulu ina iliyonse. Nde funso nkumati analakwa chani kwenikweni, ndipo yankho lake silingamveke ngati simunadziwe kaye mmene kanema ankapangidwira m'dziko limenelo.

Ku Soviet Union kunalibe zoti munthu ali ndi kampani yake ya mafilimu. Kamera ya boma, magetsi ojambulira a boma, galimoto yonyamula zida ya boma, malipiro a ochita sewero a boma, mpaka holo yoonetseramo kanema ya boma. Zonsezi zinkayang'aniridwa ndi bungwe lotchedwa Goskino lomwe likulu lake linali ku Moscow, ndipo pansi pake panali masitudiyo, Mosfilm ku Moscow, Lenfilm ku Leningrad, situdiyo ya Dovzhenko ku Kyiv, Armenfilm ku Yerevan, ina ku Tbilisi, choncho basi dera lililonse yake. Dayilekitala akalemba sikiliputi imayamba yadutsa mwa akonzi a pasitudiyo, kenako komiti ya zaluso, kenako Goskino ya m'dera lakelo, kenako Moscow, ndipo filimu ikatha kujambulidwa imayendanso ulendo womwewo. Ikavomerezedwa ankaipatsa gulu, ndipo gululo ndi limene linkanena kuti apanga makope angati komanso dayilekitala alandira zingati. Filimu yoti mabwana sanaikonde koma akuopa kuiletsa poyera ankangoipangira makope ochepa nkukaionetsa m'maholo akutali masabata angapo, basi yafa. Imene yawakwiyitsa kwambiri ankaiika pashelufu, ndipo mawu amenewa a shelufu ndi amene aliyense wa m'makanema ankawaopa. Andrei Rublev ya Andrei Tarkovsky inatha mu 1966 koma anthu a m'dzikomo anaiona mu 1971. Commissar ya Aleksandr Askoldov inakhala pashelufu zaka 20, ndipo mwiniwakeyo sanapangenso filimu ina yaikulu moyo wake wonse.

Achikulire kwathu kuno akukumbukira Censorship Board imene inabwera ndi lamulo la 1968 nthawi ya Kamuzu, ija inkadula mafilimu ndi kuletsa mabuku. Kusiyana kwake nkwakuti ija inkadikira chinthu chopangidwa kale nkuchidula, pamene ku Soviet woletsayo ndi yemweyonso mwini kamera, ndiye sankafunika nkomwe kuletsa, ankangosiya kukupatsa ntchito.

Nanga ankafuna zotani mabwanawo? Kuyambira 1934 kunali njira imodzi yovomerezeka ya luso, ankaitcha socialist realism, kuti buku, chithunzi kaya filimu izionetsa moyo ukulowera ku sosholizimu, ikhale ndi ngwazi yoti anthu atengerepo chitsanzo, ndipo wantchito wamba aimve mosavuta. Ukapatuka pamenepo milandu yake inali yodziwika. Wina unali formalism, kuti iwe wasamala kukongola kwa chithunzi nkuiwala uthenga. Wina, woopsa kuposa pamenepo, unali wokweza mtundu wako pamwamba pa ubale wa mitundu yonse ya Soviet. Parajanov milandu iwiri yonseyi inamugwera, ndipo choseketsa nchakuti mtundu umene ankati akuukwezawo poyamba sunali wake nkomwe.

Anabadwa pa 9 January 1924 ku Tbilisi, likulu la Georgia, makolo ake anali a mtundu wa Chiameniya. Bambo ake Iosif ankagula ndi kugulitsa zinthu zamakedzana, mipando, mbale, ndolo ndi zina zotero, bizinesi imene boma la sosholizimu linkaiona ngati katangale, ndiye ankangolowa ndi kutuluka m'ndende. Iye mwini ankakonda kusimba kuti apolisi akamabwera kudzasecha m'nyumba mayi ake ankamumezetsa ndolo ndi timiyala todula kuti zisalandidwe, koma nkhani za mkuluyu muzizimva ndi khutu limodzi chifukwa anali katswiri wokometsera, nkhani imodzi ankatha kuisimba mitundu itatu. Chosakayikitsa nchakuti anakulira pakati pa zinthu zakale zokongola ndipo diso lake linaphunzira pamenepo. Anayambako sukulu ya zanjanji, anaisiya, anaphunzirako kuimba, kenako mu 1945 anakalowa VGIK, sukulu yaikulu ya mafilimu ku Moscow, komwe mphunzitsi wake anali Igor Savchenko.

Mavuto anayamba akadali mnyamata. Mu 1948 anamangidwa ku Tbilisi pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake, zomwe lamulo la Soviet linkaletsa kuyambira 1934, koma anatuluka patangopita miyezi yochepa. Kenako anakwatira mtsikana wa Chitata, Nigyar Kerimova, wa m'banja la Chisilamu, ndipo achibale ake a mtsikanayo anamupha chifukwa chokwatiwa ndi munthu wa chipembedzo china. Atamaliza sukulu anapita ku Kyiv kukagwira ntchito pa situdiyo ya Dovzhenko, anakwatiranso Svitlana Shcherbatiuk, anabereka mwana wamwamuna Suren mu 1958, banja linatha mu 1962. Mafilimu amene anapanga zaka zimenezo, monga Andriesh ndi Ukrainian Rhapsody, anali a mtundu womwe boma linkafuna uja, osaipa kwenikweni koma oti aliyense akanapanga, ndipo iyenso pambuyo pake ankawatcha zinyalala. Ankanena kuti chimene chinamutsegula maso ndi Ivan's Childhood, filimu yoyamba ya Tarkovsky ya 1962.

Mwayi unabwera mu 1964. Ukraine inkakumbukira zaka 100 chibadwire mlembi Mykhailo Kotsiubynsky, ndiye situdiyo inafuna filimu yochokera m'kabuku kake kena konena za anthu a mtundu wa Hutsul, abusa a nkhosa okhala m'mapiri a Carpathian. Nkhani yake ndi yachidule, Ivan akonda Marichka, mabanja awo ndi adani chifukwa bambo a mtsikanayo anapha bambo a mnyamatayo, Marichka amira mumtsinje, Ivan akwatira wina koma mtima uli kwa wakufayo mpaka naye afa. Mabwana ankayembekeza filimu yaulemu yoti ana asukulu akaonere. Parajanov anatenga gulu lake nkukakhala kumapiri komweko, kudera la Verkhovyna ndi Kryvorivnia, ankagona m'nyumba za anthu, kupita kumaukwati ndi kumaliro, kubwereka zovala zenizeni m'mabokosi a agogo, ndipo anthu ambiri ooneka mufilimumo ndi a m'midzi yomweyo akuimba nyimbo zawo.

Zimene zinatuluka, Shadows of Forgotten Ancestors, sizinafanane ndi chilichonse cha nthawi imeneyo. Filimu ikungoyamba mtengo waukulu ukugwa m'nkhalango ya chipale chofewa ndipo kamera ikugwa limodzi ndi mtengowo kuchokera kumwamba mpaka kukaphwanya munthu ali pansi. Patsogolo pang'ono bambo a Ivan akutemedwa ndi kankhwangwa, koma simuona bala, inuyo woonera ndi amene mwatemedwa, magazi akuyenderera pagalasi la kamera kenako mukungoona mahatchi ofiira akudumpha pang'onopang'ono ngati kumaloto. Wojambula wake Yuri Illienko ankathamanga ndi kamera, kuizunguza, kuilowetsa m'zitsamba, ndipo awiriwa akuti ankakangana koopsa chifukwa Parajanov ankafuna kamera yodekha. Kumbuyo kukumveka trembita, malipenga amatabwa aatali kuposa munthu amene amaimbidwa pamaliro. Tchalitchi, mitanda, ufiti, miyambo ya maliro, zonse zili momwemo osati ngati zinthu zaumbuli zoti chipani chidzathetse koma ngati moyo wa anthu basi. Ndipo anakana kuti aichotse chilankhulo cha Chihutsul nkuikamo mawu a Chirasha monga ankachitira ndi mafilimu a m'madera. Kunja inalandira mphoto zambiri, kuyambira ku Mar del Plata ku Argentina mu 1965.

Tsiku limene linasintha zonse ndi 4 September 1965, pomwe ankaionetsa mu holo ya kanema yotchedwa Ukraina mumzinda wa Kyiv. Masabata angapo m'mbuyomo a KGB, apolisi achinsinsi a boma, anali atamanga ophunzira ndi olemba ambiri a ku Ukraine mwakachetechete, nyuzi osalemba kanthu. Ivan Dziuba, wolemba zounika mabuku, anakwera kutsogolo ngati akukayamikira filimu, nkuyamba kuuza anthu kuti kunjaku anzathu akumangidwa. Oyang'anira holo anayesa kumutsekereza, akuti mpaka kuliza sayirini, ndipo Viacheslav Chornovil ndi mlakatuli Vasyl Stus anapempha kuti aliyense wotsutsana ndi nkhanzazi aimirire. Anaimirira ochepa, ambiri mantha. Stus anachotsedwa sukulu mwezi womwewo, anadzakhala zaka zambiri m'ndende ndipo anafera kundende ya Perm-36 pa 4 September 1985, ndendende zaka 20 kuchokera tsiku lija. Parajanov sanakonze nawo zimenezi mwa dongosolo la ndale, sanali munthu wa misonkhano yachinsinsi kapena timapepala tozembetsa, koma kuyambira pamenepo filimu yake inasanduka mbendera ya anthu ofuna kuti chilankhulo ndi chikhalidwe cha Ukraine zisamezedwe ndi Chirasha, ndipo dzina lake linalowa m'mafayilo. Mu 1968 anasainanso nawo kalata ya anthu 139 yodandaula za milandu ya ndale, ndiye fayilo inangonenepa.

Filimu yotsatira, Kyiv Frescoes, anaiimitsa ikadali poyesa ochita sewero, zotsala zake ndi mphindi pafupifupi 15 basi. Ataona kuti ku Kyiv zitseko zatsekeka anapita ku Yerevan, ku Armenfilm, kukapanga filimu ya Sayat-Nova, woimba ndi mlakatuli wa Chiameniya wa zaka za m'ma 1700 amene ankaimba kunyumba ya mfumu Erekle II ya Georgia, ankapeka m'Chiameniya, Chijojiya ndi Chiazeri, kenako anathamangitsidwa kwa mfumu nkukhala wansembe, ndipo anaphedwa mu 1795 pomwe asilikali a Agha Mohammad Khan wa ku Persia analowa m'dzikomo. Apanso mabwana ankadikira mbiri yoyenda bwinobwino, anabadwa, anavutika ndi mafumu, anaimbira anthu osauka, anafa.

Apa ndiye Parajanov anachita zosiyana kotheratu ndi filimu yoyamba ija. Kamera siyenda olo pang'ono. Anthu salankhulana. Chithunzi chilichonse chili ngati tsamba la m'mabuku akale a Chiameniya ojambulidwa pamanja, chopanda kuya, anthu ayang'ana kutsogolo, manja akuyenda pang'onopang'ono. Poyambirira pali makangaza atatu pansalu yoyera, madzi ake ofiira akulowerera munsalumo. Kenako mpeni, kenako phazi likuponda mphesa, nsomba zikuphiriphitha pakati pa mikate. Pali pena pomwe mvula yanyowetsa mabuku a m'nyumba ya amonke ndiye awayanika padenga, mabuku akuluakulu ambirimbiri atatsegulidwa, mphepo ikutembenuza masamba ake phokoso lake lokhalokha, ndipo kamnyamata kagona pakati pawo katatambasula manja. Pena ubweya wa nkhosa ukuvuulidwa m'miphika ya utoto nkuponyedwa pambale zachitsulo uli nthunzi tolotolo. Pena nkhosa zadzaza tchalitchi chonse pamene mlakatuli akukumba manda. Mayi mmodzi, Sofiko Chiaureli wa ku Georgia, akusewera mbali zingapo, ndi iyeyo mlakatuli ali mnyamata ndiponso ndi iyeyo mkazi amene mlakatuliyo akumukonda, nkhope imodzi. Ine ndimaona kuti amene amati filimuyi ndi yovuta akulakwitsa poyambira, akufuna kudziwa kuti kenako chichitike nchani pomwe mwiniwake akungofuna muone zimene mwana uja anaona, kumva, kununkhiza mpaka kudzakhala wandakatulo. Koma ndisaname, si filimu yoonera uli ndi tulo.

Goskino inati anthu saimva ndipo sikuphunzitsa chilichonse za Sayat-Nova weniweni. Analamula dzina lisinthe, nkukhala The Color of Pomegranates, ndipo inaonetsedwa ku Armenia mu 1969. Kuti ifike m'madera ena a Soviet anaipereka kwa dayilekitala wachikulire Sergei Yutkevich kuti aidule nkuisanjanso, iye anachotsamo mphindi zingapo, kusuntha zigawo zina ndi kuikamo mitu yofotokoza m'Chirasha. Anthu ambiri amamutenga Yutkevich ngati wowononga koma nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, mkuluyo filimuyi ankaikonda ndipo mwina popanda lumo lake ikanangokhala pashelufu. Olo choncho makope anali ochepa ndipo kunja sanaitumize kwa zaka zambiri. Mnzake wa Parajanov, Mikhail Vartanov, amene anajambula kafilimu komusonyeza ali pantchito imeneyi, nayenso analowa m'buku la osafunika.

Kuchokera apo chilichonse chimene analemba chinkabwezedwa. Intermezzo, yochokeranso kwa Kotsiubynsky, ayi. Ya Demon ya mlakatuli wa ku Russia Lermontov, ayi. Ya nthano ya Chiameniya ya Ara, ayi. Ya wolemba nthano Hans Christian Andersen, ayi. Ndipo apa mpamene pakamwa pake panamuonjezera moto, chifukwa Parajanov sankadziwa kukhala chete. Nyumba yake ku Kyiv inali yosatseka chitseko, alendo usana ndi usiku, ojambula, ophunzira, azungu odzaona malo, akuba, ndi akazitape omwe, onse akudya ndi kumwa iye ali pakati kuseka nduna ndi mabwana a chipani mokweza. Mu December 1971 anakalankhula kwa achinyamata ku Minsk ataonetsa filimu yake, nkunyoza poyera akuluakulu a zamakanema ndi mafilimu otamanda chipani, ndipo lipoti la zimene ananenazo linafika mpaka kwa Yuri Andropov, mkulu wa KGB. Chaka chotsatira mtsogoleri wa chipani ku Ukraine Petro Shelest, amene ankalekerera pang'ono zachikhalidwe cha Ukraine, anachotsedwa nkuikapo Volodymyr Shcherbytsky, ndipo kumanga anthu kunayambiranso mwamphamvu. Dziuba, Stus, Chornovil onse analowa mu 1972.

Parajanov anamutenga pa 17 December 1973. Koma onani mmene anachitira, sanamuimbe mlandu wa ndale ngati anzake aja. Munthu wodziwika ku Paris ndi ku Rome ukamumanga chifukwa cha maganizo ake wamupanga ngwazi, ndiye anafufuza za katangale wa zinthu zamakedzana ndi ndalama zakunja, pomaliza nkukhazikika pa kugonana amuna okhaokha, kuphatikizapo kunena kuti anakakamiza mwamuna wina, ndi kufalitsa zolaula. Mlandu unazengedwa chitseko chotseka ndipo mu April 1974 anamupatsa zaka 5 kundende ya ukaidi wa kalavulagaga. Apa pamafunika kunena zoona zonse, Parajanov sankabisa kuti amakonda amuna ndi akazi omwe, ankachita kuzinena mokweza mwina pofuna kudabwitsa anthu, ndipo kugula ndi kugulitsa zakale ankachitadi ngati bambo ake. Koma zonsezo boma linkazidziwa kwa zaka zambiri osachitaponso kanthu chimutulutsireni pa mlandu wa 1948 uja, linazikumbukira pamene linafuna kumutseka pakamwa, ndipo anzake ndi ofufuza ambiri amati za kukakamiza zija zinali zophika. Ubwino wa mlandu wotere kwa a KGB unali wakuti umadetsa dzina, anthu ena amene akanamuikira kumbuyo anachita manyazi, komanso m'ndende za Soviet mkaidi wolowa ndi mlandu umenewu ankaikidwa pansi pa akaidi onse, woti aliyense amuponde. Tarkovsky ndi wolemba wachikulire Viktor Shklovsky analembera kalata Shcherbytsky kumupempherera, sizinathandize.

Anamuzunguliritsa ndende za ku Ukraine, Hubnyk, Stryzhavka, kenako Perevalsk kudera la migodi, pakati pa akupha ndi mbava osati akaidi a ndale. Ankasoka matumba, kusesa, kugwira ntchito zolemetsa ali ndi matenda a shuga ndi mtima. Chimene chinamusunga ndi manja ake. Ankatola chilichonse, maluwa ouma a m'mphepete mwa mpanda, tizidutswa ta nsalu, mapepala a maswiti, waya, nkumamata zithunzi, kusoka zidole za ziguduli, kujambula nkhope za akaidi anzake ndi bolopeni. Zodziwika kwambiri ndi timendulo take, ankatenga chotsekera botolo la mkaka cha aluminiyamu chofewa chija nkumadinda ndi chikhadabo mpaka patuluke nkhope ya munthu, alembi a ku Russia Pushkin ndi Gogol, Maria Virigo, kanthu kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Akaidi ankamuuza mbiri za milandu yawo iye nkumawalembera makalata ndi madandaulo, ndipo pang'onopang'ono anayamba kumulemekeza. Oyang'anira ndende ankamulanda zinthuzi, zina ankazitumiza kunja m'makalata.

Kunja anthu sanagone. Olemba ndi opanga mafilimu a ku France, Italy ndi America ankasaina makalata, koma amene anagwira ntchito yeniyeni ndi gogo wina wa zaka zoposa 80 ku Moscow, Lilya Brik, amene kale anali chibwenzi cha mlakatuli Mayakovsky. Mng'ono wake Elsa Triolet anali mkazi wa Louis Aragon, mlakatuli wa ku France yemwenso anali wa chipani cha Komyunisiti ndipo Moscow inkamufuna kwambiri kuti azioneka nawo. Gogoyo anamukakamiza Aragon kuti akabwera ku Moscow akatchule dzina la Parajanov kwa mtsogoleri wa Soviet Union Leonid Brezhnev, anaterodi, ndipo pa 30 December 1977 anamutulutsa kutatsala chaka chimodzi. Taganizani, makalata onse aja osaphula kanthu, nkhani inatha chifukwa munthu mmodzi woyenera analankhula ndi mwini dziko. Ndi mmene dongosolo lija linkayendera.

Kutuluka m'ndende sikunali kubwerera kuntchito. Ku Kyiv sanamulole kukhala, anabwerera kunyumba ya makolo ake ku Tbilisi, kumtunda kwa msewu wa Kote Meskhi, wopanda ntchito, akugulitsa katundu wa m'nyumba kuti adye. Anapitiriza zomatamata zija, zipewa, zidole, zithunzi zopangidwa ndi mbale zosweka ndi mikanda, ankati ngati sakundilola kujambula filimu ndizipanga izi, ndipo khonde lake linasanduka malo amene mlendo aliyense wodziwika wofika ku Tbilisi ankakwera kukaona. Pakamwa paja sipanasinthe. Chakumapeto kwa 1981 ali ku Moscow anaikira kumbuyo poyera sewero la Yuri Lyubimov la kunyumba ya zisudzo ya Taganka lokumbukira woimba Vladimir Vysotsky limene boma linkaletsa, ndipo mu February 1982 anamumanganso ku Tbilisi, ulendo uno akuti wapereka ziphuphu. Anakhala m'chitokosi miyezi yambiri, kenako khoti linamupatsa chilango choti akhale kunja bola asalakwenso.

Amene anamubwezera kamera ndi a ku Georgia. Olemba ndi ochita mafilimu kumeneko anamumenyera nkhondo, ndipo mtsogoleri wa chipani m'deralo Eduard Shevardnadze, yemwe uja anadzakhala nduna ya zakunja ya Gorbachev, ankadziwika kuti amapatsako mpata opanga mafilimu. Mu 1984 Parajanov anajambula The Legend of Suram Fortress limodzi ndi Dodo Abashidze, wosewera wotchuka amene dzina lake linathandiza kuti mabwana avomere. Ndi nthano yakale ya ku Georgia, linga limene likamangidwa limangogwa, mpaka woombeza anena kuti silidzaima pokhapokha mnyamata atamangiriridwa wamoyo mkati mwa khoma, ndipo mnyamatayo Zurab alowa yekha mwa kufuna kwake. Zaka 15 osagwira kamera koma dzanja silinaiwale, kamera yoima ija, makapeti, mapikoko, makangaza, zonse zinabwerera. Mu 1988 anatulutsa Ashik Kerib, nthano ya woimba wosauka wa Chiazeri yochokera kwa Lermontov, nkuipereka kwa Tarkovsky amene anafera ku Paris mu December 1986 ali kunja kwa dziko lake. Ena amati mafilimu awiri omalizawa safika pa awiri aja, ine ndimati Suram ikufika, Ashik Kerib ndi yosewera kwambiri ndipo ikuoneka kuti ndalama zinali zochepa. Koma muone kuti munthu mmodzi anapanga filimu ya Chiyukireniya, ya Chiameniya, ya Chijojiya ndi ya Chiazeri, ndipo yomalizayo inatuluka chaka chimene Armenia ndi Azerbaijan anayamba kulimbirana dera la Karabakh. Ameneyo ndiye ankamunena kuti ndi wokweza mtundu umodzi.

Pali chinthu china chimene anthu okonda nkhani ya ngwazi ndi chilombo sakonda kumva. Dongosolo lomwe linamuzunzali ndi lomwenso linamuphunzitsa ulere ku VGIK, linamupatsa gulu lonse la antchito kumapiri kwa miyezi, linalipira filimu yopanda nkhani yopanda kukambirana yonena za mlakatuli wa zaka 200 zapitazo. Ku Hollywood sikiliputi ya makangaza ija sakanaiwerenga mpaka tsamba lachiwiri. Masitudiyo a m'madera ankafuna kuonetsa kuti nawonso ali ndi chikhalidwe, ndipo m'mipata imeneyo ndi momwe anthu ngati iye ankadutsira, kungoti mpata ukatsekeka panalibe khomo lina logogoda, ndipo pasipoti yopitira kunja inalinso m'manja mwa omwewo.

Nthawi ya Gorbachev zinthu zinamasuka, mu 1986 bungwe la opanga mafilimu linasankha Elem Klimov kukhala mtsogoleri nkukhazikitsa komiti yotsitsa mafilimu pashelufu, ndipo mu 1988 Parajanov analoledwa kupita kumayiko a azungu, anakafika kuchionetsero cha mafilimu ku Rotterdam, ku Netherlands, ali ndi zaka 64 anthu nkumamulandira ngati mfumu. Mu 1989 anayamba kujambula The Confession, filimu ya ubwana wake ku Tbilisi imene sikiliputi yake anailemba kalekale m'ma 1960, koma anangojambula masiku ochepa nkudwala. Inali khansa ya m'mapapo. Anamuchotsa phapo limodzi, anapita naye ku Paris kukalandira chithandizo, nkubwerera ku Yerevan komwe anamwalira pa 20 July 1990, ndipo anaikidwa ku Komitas Pantheon, manda a anthu otchuka a ku Armenia. Soviet Union yomwe inatha patangopita chaka ndi miyezi isanu. Zochepa zimene anajambula za The Confession zinalowa mufilimu ya Vartanov ya 1992 yotchedwa Parajanov: The Last Spring.

Nyumba yosungira ntchito zake inatsegulidwa ku Yerevan mu 1991 ndipo timendulo ta zotsekera mkaka tija tili momwemo pamodzi ndi zidole ndi zipewa. Ku Tbilisi kuli chiboliboli chake akuoneka ngati akuuluka, chotengera chithunzi chimene Yuri Mechitov anamujambula akudumpha mumsewu. Lamulo loletsa kugonana amuna okhaokha linachotsedwa ku Ukraine mu 1991 ndi ku Russia mu 1993, koma chigamulo cha 1974 chija chinakhalabe m'mabuku mpaka kumapeto kwa 2023 pomwe komiti ya boma la Ukraine yoona za anthu ozunzidwa pa ndale inamuyeretsa, kutatsala masabata ochepa kuti akwanitse zaka 100 chibadwire. Filimu ya makangaza inakonzedwanso mu 2014 ndi bungwe la Martin Scorsese la The Film Foundation mothandizana ndi Cineteca di Bologna, ndipo anatsatira kope la ku Armenia la 1969 osati lodulidwa ndi Yutkevich lija, ndiye mukamaisaka pa intaneti yang'anani kaye kuti mwapeza kope liti chifukwa onse awiri akuyendayenda.